Anti wa Kachipinda ka Kuseri

Msewu wonse umawadziwa kuti Anti. Wogulitsa makala, woyendetsa takisi, ngakhale abusa, onse Anti, Anti. Dzina lawo lenileni linafera m'kamwa mwa anthu kalekale.

Uanti umenewu unayamba ali mtsikana wapasukulu. Anatenga mimba, mwini mimbayo n'kuliyatsa liwiro. Mkulu wawo, wokwatiwa ndi bwana wa kubanki, anali atakhala zaka pabanja popanda mwana. Anabwera pagalimoto, nkhope yodzaza chifundo. "Mwanayu ndilera ine. Iwenso tiye, uzikamuona tsiku ndi tsiku. Koma ine azinditi Mami, iwe Anti." Chifundo chake chimenecho! Mtsikana anavomera, nanga akanatani?

Anawapatsa kachipinda ka kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, momwe ankasungiramonso matayala akutha. Matewera ankachapa ndi iwo. Mwana akatentha thupi, ankamubereka kumsana ndi iwo. Koma tsiku limene kamwanako kanawayang'ana n'kunena kuti "ama", mkulu wawo anakagogoda pakamwa ndi chala. "Anti! Nena A-nti!" Kanali kamwana kanzeru, kanagwira msanga.

Amuna ofuna banja ankabwera ndithu. Telala wina anachita kutha nsapato. Anti anakana onse, poti kukwatiwa kunali kumusiya mwana. Ankadikira chinthu chimodzi basi: kuti mwanayo akadzakula adzadziwe, adzawaitane kuti amayi, ngakhale kamodzi kokha. Anadikira mpaka imvi mbuu. Tsiku la ukwati wa mwanayo, Mami akujambulitsa atavala chipewa chachikulu ngati beseni, Anti anali kukhitchini, akutsuka matambula.

Ndiye chaka chatha mwana uja, amene pano ndi loya ndipo kuntchito amangomuti Sisi, anachira kuchipatala, mwana wamkazi. Namwino anasuzumira pakhomo la wodi. "Amayi ake a wochirayu alowe."

Miyendo ya Anti inangoimirira yokha. Mkulu wawo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi.

"Anti, khalani pansi. Sungani zikwamazo."

Anawalowetsa masana, chifukwa pankafunika wonyamula beseni ndi fulasiki. Mami anatuluka kukaimbira anzawo foni, kuwauza kuti mdzukuluyo aziwati Girani, ati zoti agogo n'zachimidzimidzi. M'chipindamo munatsala atatu: Anti, loya, ndi khanda. Anti anaika beseni pansi.

"Mwana wanga, pali nkhani imene ndasunga moyo wanga wonse."

Loya sanadzutse n'komwe mutu papilo. "Ndikuidziwa, Anti. Adadi anandiuza ndili kusekondale."

Anti anagwira chitsulo cha bedi. "Zaka zonsezi? Ukudziwa?"

"Nanga mumafuna nditani? Ndikauze anzanga kuti amene amatichapira zovala uja ndi mayi anga? Apongozi anga amve zimenezo? Chonde musandiyalutse."

Abale inu, pali mawu ena oti bola munthu akumenye mbama. Anti anawawidwa mtima moti ngakhale misozi inakana kutuluka. Iwo ankati mwana ali mumdima, n'chifukwa chake ankamukhululukira chilichonse, pomwe mwanayo ankawatuma kupukuta nsapato akudziwa bwinobwino mimba imene anatulukamo.

"Komabe mwachita bwino kubwera," anapitiriza loya, akukonza kashawelo. "Ndibwerera kuntchito posachedwa, ndipo atsikana antchito a masiku ano ndi akuba. Mukakhala kwathu. Kuseri kuli kachipinda, tingochotsamo makatoni."

Kenako ananyamula khandalo n'kuwapatsira, akulinyengerera ndi mawu otsekemera. "Bebi, taona, awa ndi Anti."

Kamphuno kake kanali ka Anti kenikeni, timakutu tomwe. Anamulandira mdzukulu wawo ndi manja awiri, nanga akanatani? Thewera linali litanyowa kale.