Phala Lozizira la Mpongozi Wanga

Ine ndinakula ndikudziwa kuti tsiku limayamba ndi utsi. Ukadzuka n'kupeza kuti denga la kuzinya, kanyumba kathu kophikira kaja, silikufuka, ndiye kuti pakhomopo pali matenda kapena pali ndewu. Chifukwa chachitatu sindinkachidziwa.

Amayi anga ankaphika phala motsatira nyengo. Tikangokolola linkakhala la mgaiwa lothira nsinjiro, lolimba loti supuni n'kuima yokha. Dzuwa likafika poswa mtengo linkakhala la malambe, lowawasa moti ana tinkatsinzina diso limodzi pomeza. La mapira ndiye ndinkalikonda ine, lofiirira, lokanda pang'ono kukhosi. Supuni zinalipo ziwiri pakhomo ponse, choncho ana tinkapinda tsamba la mango n'kumatapira. Ku Zambia, komwe tinathawira nkhondo, tinkalandira ufa wachikasu wa soya wonunkha thumba lomwe unabweramo. Tinkaunyoza tsiku lililonse, koma mbale tinkanyambita. Phala lonseli, labwino ndi loipa lomwe, linkafika m'manja likuotcha.

Lozizira linali ndi ntchito yake. Amayi sanali munthu wokalipa. Akayambana ndi abambo ankaphika phala monga mwa masiku onse, n'kuliika pambali mpaka lichite kachikopa pamwamba, kenako n'kukawagwadira nalo mwaulemu wonse. Abambo ankangopisamo nsonga ya chala, n'kudziwa kuti mlandu ulipo. Mlendo wokhalitsa nayenso ankauzidwa choncho kuti kwawo akumufuna. Kwathu kuno ku Chipera, mbale yozizira m'mamawa ndi mawu, ndipo mawuwo ndi akuti sindikukufunani.

Ndanena zonsezi kuti mumvetse zomwe ndinachita chaka chomwe mwana wanga anabwera ndi mkazi wake.

Mwana ameneyu ndi yekhayo amene ndinatsala naye, bambo ake anapita kale. Amagwira ntchito mumzinda wa Tete, ndipo anakwatira komweko mtsikana wobadwira m'tauni. Ku ukwati sindinapite, mwendo unali utatupa. Ndinali ndisanamuone mtsikanayo koma ndinali nditamuweruza kale. Ndinali nditaona anzanga angapo ana awo atakwatira m'tauni, n'kuyamba kubwera kumudzi pa maliro pokha. Ndinkaopa kuti nanenso andilanda mwana, ndipo mantha amenewo ndinkawatcha nzeru.

Anafika mvula ili pakati, pa mota ziwiri, njinga zamoto zija, kuchokera ku Fingoe, matope mpaka m'mawondo. Mpongozi wanga anatsika atakumbatira kanthu kokulunga m'kapulana, chitenje chake, kanthu komwe sanalole kuti akamange kumbuyo ndi katundu wina. Anali wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa, Chinyanja chake chodzaza Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Anandigwadira bwinobwino. Ndinayang'ana zikhadabo zake ndipo mumtima ndinati tiona mawa.

Mwambo wake ndi wakuti mkazi watsopano ndiye amadzuka kukoleza moto m'mawa woyamba ndi kuphikira apongozi ake kadzutsa. Ine moto wanga suzima. Ndimasiya chikuni chachikulu chikunyeka pansi pa phulusa, m'mawa n'kungouzira. Koma madzulo amenewo, titatha kudya, ndinatenga chikho cha madzi n'kuthira pa chikunicho mpaka chinasiya kulira. Ndinasiya bokosi la machesi pa fuwa. Nkhuni zouma zinali pansi pa nkhokwe, pomwe mkazi aliyense amadziwa kuti nkhuni zouma zimakhala. Apongozi anga ananditero inenso, ndipo sindinaone cholakwika.

M'mawa ndinadzuka msanga koma sindinatuluke. Ndinamva chitseko cha kuzinya chikutsekuka tambala asanatsike mumtengo. Ndinamva kukhwekhwereza kwa nthawi yaitali. Ndinasuzumira pa kazenera kawiri, katatu. Denga silinkafuka.

Dzuwa litatuluka ndinamva kugogoda.

"Amayi, matabicho," anatero mpongozi wanga, kutanthauza kadzutsa.

Ndinatuluka n'kukhala pa mphasa pakhonde. Anagwada n'kundiikira mbale patsogolo, ina mwa mbale zanga zamaluwa zomwe ndimasungira alendo. Ndinayang'anamo ndipo sindinadziwe chomwe ndikuona. Munali tizibanthu tachikasu touma, tonga makoko a nyemba akaphwanyika padzuwa, tikuyandama mu mkaka. Tinkathetheka tokha m'mbalemo. Chakudya cholira chisanalowe m'kamwa ndinali ndisanachionepo.

Ndinapisamo chala monga ankachitira abambo. Munali zii, ngati madzi a mumtsuko.

Ndinali nditakonzeka kulandira phala lamadzimadzi, kapena la mibulu, kapena lopserera, ndipo mawu omuseka ndinali nditawasunga kale. Izi zokha sindinaziyembekezere. Mwana wobwera dzulo, m'nyumba mwanga, pa mbale yanga, m'mawa woyamba.

"Apongozi, mwaphika nthawi yanji chimenechi?" ndinafunsa.

"Saphika, amayi. Ni sereyaisi. Amangothira leite basi." Anandionetsa kabokosi kapepala komwe munachokera mkakawo. Mkaka wa m'pepala, wosadziwika ng'ombe yake.

"Ndiye mwandipatsa chosaphika."

"Ndi chimanga, amayi. Chimanga chomwechi."

Chimanga ndalima moyo wanga wonse. Ndachidya chachiwisi, chootcha, chokazinga, chokonola, ngakhale chofumbwa m'zaka zoipa. Chimenechi sichinali m'gulumo. Maso a mtsikanayo anali ofiira, ndipo ine ndinati ndi tulo ta anthu a m'tauni. Ndinaimirira ndi mbale ija, ndinaitana nkhuku, n'kukhuthula zonse pabwalo iye akuona. Nkhuku zinalimbirana. Zimenezonso zinandikwiyitsa.

Sanalire pamaso panga. Anatola mbale, n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa mwana wanga anatuluka akumanga malaya.

"Amayi, mwatani?"

"Mkazi wako wandiuza mawu ake. Ndamva."

"Mawu ati? Iyeyu wanyamula kasha ya chakudya chimenechi, bokosi lonse, pamiyendo kuchokera ku Tete kuti isaphwanyike. Anati akufuna mulaweko chomwe timadya ife."

"Chomwe mumadya ndani?"

"Ife. Ine amene. Tsiku lililonse ndisanapite ku ntchito."

Pamenepo ndiye ndinasowa pogwira. Mwana amene ndinamulera ndi phala la nsinjiro, amene ankalira likachedwa kupola, akudya chozizira m'mawa uliwonse, ndipo akunena yekha osachita manyazi. Anapitiriza kundiuza kuti kumeneko ana ambiri amadya zomwezo, kuti zilipo zamitundumitundu, zina zofiirira ngati dothi la pachulu, zina zobulungira, kuti munthu amadya ataimirira n'kuthamangira shapa, minibasi yakumeneko. Ndinamufunsa ngati m'nyumba mwawo amayambana tsiku ndi tsiku. Sanaseke.

"Kumeneko kuzizira sikutanthauza kanthu, amayi. Ndi chakudya basi."

"Kuno kumatanthauza."

Mwana wanga anatsiriza kumanga malaya ake. Kenako anati akupita kumsewu kukafuna mota zowabweza ku Fingoe tsiku lomwelo. Anati sanabweretse mkazi wake kuti adzadyetsedwe manyazi pamaso pa nkhuku, ndipo akachoka naye sadzabweranso naye. Ndinadziwa kuti mwamuna amene sabwera ndi mkazi wake, nayenso amasiya kubwera. Chomwe ndinkaopa chija chinali chikuchitika dzuwa lisanakwere n'komwe. Koma mkwiyo unali usanathe, ndipo ndinamusiya apite.

Ndinalowa m'kuzinya kuti ndiphike phala lenileni, aone asananyamuke mmene chakudya cha anthu chimakhalira. Ndinagwada pa mafuwa n'kuyamba kupalasa phulusa ndi dzanja. Zala zinakhudza timitengo. Ndinafukula. Tinali timitengo ta machesi topsa, mulu wonse, tokwiriridwa mosamala kuti ndisatione. Bokosi lija linali pambali lopanda kanthu. Pakati pa mafuwa panali nkhuni za panja, zonyowa ndi mvula, zitangoda kunsonga. Panali mapepala opserera ong'ambidwa m'kabuku kolembamo, ndi chivundikiro cha kasha ija, yomwe anaisunga pamiyendo ulendo wonse, atching'amba kuti mwina chingakoleze.

Ndinakhala pansi. Ndili chikhalire ndinaona kam'phika kanga kobisidwa kuseri kwa mtondo. Munali madzi ovundulidwa kale ndi ufa wa mgaiwa, ndipo pamwamba pankayandama nsinjiro. Nsinjiro ine ndinalibe chaka chimenecho, mtedza unakana. Anachita kubwera nayo. Winawake anamuuza kuti amayi amakonda phala lotani.

Ndaonapo zinthu zoopsa pa moyo wanga, koma sindinayambe ndadzidzimukapo ndi ine mwini ngati tsiku limenelo. Maso ofiira aja anali a munthu amene wauzira nkhuni zonyowa kuyambira mbandakucha. Sanadziwe za pansi pa nkhokwe. Sanadziwe kuti akanatha kutenga phale n'kukapala moto kwa aneba, kapena ankadziwa koma anaopa kuti mudzi wonse umva. Machesi atatha, dzuwa litatuluka, anatenga chinthu chabwino chokhacho chomwe anali nacho n'kudzandigwadira nacho. Ine n'kupatsa nkhuku.

Ndinamupeza atakhala pa bedi, chikwama chili chotseka kale. Pa maondo a kapulana yake panali phulusa. Chiyambire ndinali ndikumuitana kuti inu, monga timachitira ndi apongozi, ulemu womuika munthu patali. Pakhomo paja mawu anatuluka ena.

"Iwe mwana wanga, tizibanthu tija tatsalako?"

Anandiyang'ana ngati sanamve. Ndinabwereza. Anatsekula chikwama, n'kutulutsa kasha yong'ambika pamwamba ija, n'kuthira m'mbale. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kudya.

Ndinene zoona, popeza ndakalamba: sichakudya. Supuni zoyamba zimabaya nkhama. Ukachedwa pang'ono zimasanduka ngati pepala lonyowa. Shuga wake ndi wa ana, ndipo dzuwa lisanafike pamutu njala imakhala yabwerera ndi abale ake. Amene anaganiza zoti chimanga achipsinje chotere, achiumitse, n'kumauza anthu kuti adye ndi mkaka wozizira, sanagwirepo khasu m'mawa. Ndinadya zonse, ndi mkaka womwe ndinamwa.

Nditaika mbale pansi ndinati, "Ndaona machesi aja. Ndaonanso kam'phika."

Anawerama. Anati kwawo amaphikira pa gasi, nthawi zina pa makala, ndipo nkhuni anali asanakolezepo chibadwire. Anati anayeserera phala la nsinjiro kangapo ku Tete mpaka mwamuna wake atavomera kuti layandikira.

"Chikuni chija chinali ndi moto," ndinatero. "Ukanangouzira. Ndinathira madzi ndine."

Ndinkayembekezera kuti adabwa. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndinakuonani, amayi. Ndinali kuseri ndikutsuka mbale."

Anandiona ndikuzimitsa moto, anagona akudziwa chomwe ndamukonzera, sanauze mwamuna wake, ndipo m'mawa anadzukabe n'kukagwada pa phulusa lonyowalo. Ngakhale pamene ndinkaitana nkhuku sanatchule. Ine ndinakhala m'mawa wonse ndikunena kuti mwana uyu wandiuza kuti sakundifuna, chonsecho amene anayamba kunena mawu amenewo, ndi chikho cha madzi, ndinali ine.

Mota zija zitafika, zinapeza denga la kuzinya likufuka. Tinali tonse awiri pa mafuwa, ine ndikumuonetsa mmene amayalira tinkhuni ting'onoting'ono pansi, iye akutsokomola ndi utsi, kam'phika kake kaja kali pamoto. Mwana wanga anaima pakhomo osalowa. Mkazi wake ndiye anamuuza kuti awabweze anyamata a mota aja. Phala linatuluka la mibulu pang'ono, ndipo mawu omuseka aja sindinawapezenso.

Amabwera chaka chilichonse tsopano, ndi ana awiri, ndipo kasha saiiwala. Adzukulu anga amadya tizibanthu tawo pakhonde, kukhukutira ngati mbuzi zili m'mapesi, ndipo ndimadabwabe kuti ana amakula ndi zimenezi. Ena pamudzi pano anandilangiza kuti ndizitenthetsa mkakawo kuti zilowe bwino. Sinditenthetsa. M'mawa woyamba mpongozi wanga amapeza chikuni chili ndi moto, amaphika phala la nsinjiro la nyumba yonse, koma ine amandiikira mbale yamaluwa ija, yozizira, ndipo ndimadya yonse.