Chidendene cha a Mildred

A Dyton Kaliwo anali mkamwini wa mtundu wosowa, mkamwini wobzala mitengo. Kwawo kunali kwa Kuntaja, koma anakwatira ku Lirangwe, ndipo kumeneko anthu ankawaseka poyera. Munthu wanzeru zake angabzale bwanji mbawa pa nthaka ya kuchikazi, pomwe tsiku lina adzamuloza njira? Iwo ankangopitiriza kubzala. Anali munthu wa mawu ochepa, woti ukamupatsa moni uzikonzekeratu kuyankhula wekha.

Ntchitoyi ankagwira ndi akazi awo, a Mildred. Bambo patsogolo ndi khasu, kukumba maenje. Mayi pambuyo ndi dengu la mbande, kung'amba machubu a pulasitiki n'kumabzala. A Dyton sankatembenuka n'komwe. Ankangomva kumbuyo kwawo nkhani zosatha: za kwaya, za mbuzi za eni ake, za ndege ya ku Chileka imene a Mildred ankati tsiku lina adzakwera ndi dengu lawo lomwelo.

A Mildred anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, n'kusiya nazale yodzaza ndi mbande zimene anafesa ndi manja awo. Ana onse anali ku Joni, ongoimba foni. Maliro atatha, mchimwene wa malemu, a Duncan, anabwera n'kukhala pakhonde.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Mvula ikatha tidzakusudzulani, mubwerere kwanu. Sikuti tikukuthamangitsani ayi."

"Ndamva, alamu. Koma ndisanapite, mbande za malemuwa zilowe kaye m'nthaka."

Vuto linali msana. Kukumba ankatha, koma kuwerama pa dzenje lililonse kunali kuitana misozi. Wowathandiza panalibe, poti mvula ikagwa aliyense amathamangira chimanga chake. Ndiye anakadandaula kwa Faruk, wowotcherera zitsulo pamsika wa Lirangwe, ndipo iye anawapangira paipi yobzalira yofika m'chiuno. Kunsi kwake kunali milomo iwiri yosongoka ndi chopondera. Umalasa pansi, kuponda, milomo n'kukanula dothi. Ukatero umachotsa mbande m'chubu, kuiponya pakamwa pa paipi, yokha n'kutsetserekera m'dzenje.

"Madala, ndi chimenechi simufunanso munthu," anatero Faruk akudzitama.

Mnyamatayo ankayamikira luso lake, koma mawuwo anawapweteka a Dyton njira yonse yobwerera.

Chitsulocho chinalidi chachangu. Ankalasa, kuponya, kuzula, kusuntha, ataimirira ngati bwana, ndipo mizere inkatha msana osadandaula. Kungoti mundawo unali zii. Ndege ikadutsa, panalibe woinena.

Kenako mvula inadula. Atapita kukazonda, anapeza mbawa ndi mitangatanga ya mizere yoyamba itazolika mitu, masamba atafota. Anagwira imodzi kuti aione bwino, ndipo inangozuka yokha, yopepuka, mizu itauma m'dzenje la mphako. Anayesa ina, chimodzimodzi. Dothi silinagwire mizu chifukwa panalibe amene analitsendera.

Anakhala pansi pomwepo, mtima ukuwawa. Zaka zonsezo ankayesa kuti ntchito yeniyeni ndi ya wokumba. Apa m'pamene anakumbukira zidendene za a Mildred, zong'aluka, zofiira ndi katondo, zimene ankazikwecha ndi mwala pobwera kumunda. Mtengo uliwonse woima pamalopo unali utapondedwa ndi chidendene chimenecho, iwo akuyang'ana kutsogolo. Anachita manyazi, ndipo analira, poti panalibe wowaona.

Mvula itabweranso anatenga mbande zotsala ku nazale n'kuyambiranso. Tsopano ankavula nsapato. Akazula paipi, ankakankhira dothi ndi phazi, n'kutsendera mbali iyi ndi iyo mpaka kamtengo kataima nji. Zinkachedwa, koma zinagwira.

A Duncan anadzawapeza ali pa mzere womaliza, n'kupempha kuti pochoka adzawasiyire chitsulocho.

"Mudzatenge, alamu. Koma muzitsendera. Ichi chimangoponya basi."

Mlamuyo atapita, a Dyton anaponya mbande yotsiriza ya akazi awo, n'kuiponda bwinobwino. Ndiyeno anachita chimene sanachitepo mayiyo ali moyo: anatembenuka kuti aone kumbuyo. Mizere inali itaima yobiriwira mpaka kumalire, ndipo m'matope monsemo munali mapazi a munthu mmodzi.