A Sitakatani

Achimwene anga ndi telala, ndipo mumsewu wathu wonse palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse amati a Sitakatani. Ana amatero, wometa tsitsi woyandikana nafe amatero, ngakhale mlamu wanga, mkazi wawo weniweni, akapsa mtima amati, "Inu a Sitakatani inu!" Dzinalo ndinawaputira ndine, mlongo wawo, ndi pakamwa panga pomwepa, ndipo limandiwawa mpaka lero.

Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu. Muli makina awiri osokera, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi malo anga kumbuyo, pomwe ndimasita ndi kusokerera mabatani. Cha m'ma teni koloko dzuwa limalowa pazenera, tifumbi ta nsalu n'kumayandama m'kuwalamo pang'onopang'ono. Imeneyo ndiye nthawi imene achimwene amatithawa. Thupi lili pampando, phazi lili pachopondera cha makina, koma mwiniwake ali ku Ulaya.

"Iwe," amatero akuloza tifumbito, "chipale chofewa chimagwa chonchi. Phee, osamveka."

"Munachiona kuti?"

"Sita zovala, usandisokoneze."

Ku Ulaya sanapondeko, ngakhale ndege sanakwerepo. Ulaya wawo anamutenga ku sekondale, m'kalasi ya Histole, kwa mphunzitsi wina wotsimphina amene ankajambula mapu onse pabolodi osayang'ana m'buku. Achimwene ankakopera zonse m'kope la chikuto chabulauni, ndipo zinawalowa m'magazi. Mpaka pano, akamadula nsalu kachidutswa kena n'kutsala pakati, amakanyamula ndi chisoni n'kunena kuti, "Polandi uyu. Uku akumukoka, ukunso akumukoka." Amakamba za masitima odzaza asilikali akudutsa m'minda ya tirigu, za maenje amatope momwe anyamata ankagonamo zaka zinayi, za holo ina ku Faransa yokhala ndi magalasi khoma lonse, momwe akuluakulu anasainira mtendere mu 1919.

"Tangoganiza, kusaina chinthu uku ukudziona kambirimbiri. Unganame bwanji pamenepo?"

"Koma ananama," ndimatero.

"Ananama ndithu," amayankha, n'kupukusa mutu ngati anawanamiza ndi iwowo.

Tsiku lina anaimitsa makina n'kundifunsa kuti mabatani a pamajekete a asilikali mamiliyoni onse aja anawasokerera ndani. Ndinati, "Mlongo wa winawake, ndaninso!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Koma kope lija limathera pakati pa tsamba, pa 1945. Achimwene ali Fomu 4, maso a bambo athu, amene analinso telala, anayamba kuchita chidima. Bambowo ankasoka mkono wa malaya chagada, singano n'kumawalasa. Mwana wamkulu anali achimwene, ndiye teremu yomaliza yonse anakhala pamakina, ine n'kumapitabe kusukulu. Kusekondale anangobwererako kukalemba mayeso.

Papepala la Histole panali funso la malikisi ambiri, lofunsa mmene chinthu china chinagawira Ulaya nkhondo itatha. Chinthucho chinali m'mawu awiri a Chingerezi amene achimwene ankawamva tsiku lililonse mushopu: ayironi ndi keteni. Kwa ife ayironi ndi simbi yositira, keteni ndi katani. Anadziluma chala, n'kuganiza. Nkhondo inagwetsa nyumba, zimenezo ankazidziwa. Ndiye kuti mabanja anapanikizana m'chipinda chimodzi. Nanga anthu akapanikizana m'chipinda chimodzi amatani? Amapachika katani pakati, monga tinkachitira kwathu. Basi, cholembera chinathamanga. Analemba masamba atatu: mmene katani imasungira ulemu pakati pa makolo ndi ana, mmene umaisitira chakumbuyo utayala kansalu konyowa kuti igwe mowongoka, ndi mmene anthu a ku Ulaya anapezera mtendere mwa njira imeneyi.

Atabwera kunyumba anandifotokozera ine ndekha, maso akuwala, akuti funso limenelo analimenya. Ine ndinali Fomu 3, ndipo m'kalasi mwathu mphunzitsi anali atatchulapo kale mawuwo mongodutsa. Mayo ine, ndinaseka mpaka kukhala pansi! M'mawa mwake ndinauza mnzanga mmodzi, mmodzi yekha, ndikumulumbiritsa. Pofika Lolemba sukulu yonse inkakuwa kuti, "Sita katani! Sita katani!" Zotsatira zitatuluka, phunziro limene analikonda kuposa onse ndi limene analephera.

Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Akanandimenya khofi bwenzi zitathera pomwepo, koma ayi, anangolivala dzinalo n'kumayenda nalo zaka makumi atatu ndi zinayi. Ankadziwa kuti sinali katani yansalu, koma kuti afunse munthu kuti inali chiyani kwenikweni, manyazi ankawaletsa. Wailesi ikayamba kukamba za nthawi imeneyo ankasintha siteshoni. Ulaya wawo anaima pa 1945, utsi ukufukabe m'mabwinja.

Chaka chathachi, m'mawa wina, anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi. Mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinawakokera kwa dokotala wa maso, akukana njira yonse. Dokotala anati ndi matenda omwe aja a bambo, akumtundu, ndipo kuwerenga kwawatsalira chaka chimodzi, mwina kuposerapo pang'ono. Ine ndinalira pabenchi pomwepo. Iwo anangoyang'ana kudenga, kenako n'kunena kuti, "Ndiye ndifulumire."

"Mufulumire kutani?"

"Kusukulu. Ndikalembenso Histole maso asanatseke."

Mlamu anati amuna ake azungulira mutu. Ine ndinkadziwa chimene akukachotsa kumeneko. Sekondale ya kumtunda kwa msewu wathu ili ndi makalasi a masana a anthu obwereza, ndipo ikakwana thuu koloko achimwene ankavundikira makina, kuvala jekete yodzisokera okha, n'kunyamuka ndi kope latsopano m'khwapa. Ankakhala kutsogolo penipeni chifukwa cha masowo, mawondo atatulukira m'mbali mwa desiki. Mphunzitsi anali mtsikana amene yunifolomu yake ya ku pulayimale anasoka ndi iwo omwe. Ankayesetsa kuwatchula kuti bambo, ngakhale tsiku lina lilime linaterereka, anafika pa "a Sita" n'kudzigwira pakamwa.

Mwezi wachinayi, Lachitatu lina, anabwerako cha m'ma faifi osapereka moni. Anakhala patebulo lodulira nsalu, miyendo ili lendelende, akuyang'ana kumsewu.

"Lero tafika pamenepo," anatero.

Ndinaimika simbi.

"Unali mzere, iwe. Kuchokera kunyanja ya kumpoto mpaka ya kumwera. Mawaya aminga, nsanja, asilikali ndi agalu. Mzinda wa Berlin anachita kuudula ndi khoma. Munthu kudzuka m'mawa n'kupeza mayi ako ali tsidya lina, ukuwaona pazenera koma sungawafikire. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu!" Anasisita tepi yoyezera imene inali m'khosi mwawo. "Ndiye kuti chinali chipinda chimodzi ndithu, banja limodzi, n'kuchidula pakati. Sindinali kutali kwenikweni. Kungoti ndinawayesa anthu abwino."

Ndinafuna kupepesa tsiku limenelo, koma ndinalephera. Ndinangoti, "Bweretsani bukulo, ndizikuwerengerani."

Kuyambira pamenepo shopu inasanduka kalasi. Ndinkatsamiritsa buku pabotolo la madzi owazira zovala n'kumawerenga mokweza uku ndikusita, iwo akupinda mipendero. Zaka zofunika kuloweza ndinkazilemba ndi choko chautelala pansalu yakuda, manambala akuluakulu ngati a pabasi, n'kuipachika pakhoma. Makasitomala ankabwera kudzayesa madiresi n'kupeza tili mkati mwa ndege zimene zinkatula malasha ndi ufa mumzinda wa Berlin uja utatsekeredwa njira zonse. Mayi wina anaiwala chimene anabwerera, anakhala pampando mpaka tinafika pomwe khoma linagwa mu 1989. Achimwene ankamvetsera atatsinzina, akumwetulira, ndipo nthawi zina ankanditukulira dzanja kuti ndiime kaye, aone bwinobwino anthu akuvina pamwamba pa khomalo atavala zikhoti zazitali.

Maso ankapita ndithu. Pofika nthawi ya mayeso ankawerenga atagunditsa pepala pamphuno. Mphunzitsi uja anawathamangira mpaka anawapezera pepala la zilembo zikuluzikulu, Mulungu amudalitse mwana ameneyo. Ine ndinadikira panja pa geti maola onse. Anatuluka omalizira, zala zili inki yokhayokha.

"Labwera funso lija?"

"Silinabwere n'komwe."

"Aa! Zaka zonsezi, anthu amenewa alibe chisoni?"

Iwo anangoseka. Anati panabwera za mtendere wa mu holo ya magalasi ndi za kugwa kwa khoma, ndipo analemba zilembo zazikulu moti anapempha mapepala owonjezera kanayi, mpaka woyang'anira mayeso anayamba kuwayang'ana mokayikira. Chimene sankadziwa n'chakuti kaya mizere yawo inkawongoka, kaya inkakwerana, chifukwa chakumapeto sankaonanso pomwe cholembera chikugwera.

Tinadikira miyezi itatu. M'miyezi imeneyo kuwerenga kunatheratu. Kusoka ankasokabe, mizere yowongoka yokhayokha, akutsogolera nsalu ndi nsonga za zala, koma nkhope ya munthu ankaizindikira akayankhula.

Tsiku la zotsatira ndinawagwira mkono mpaka kusukulu. Mapepala anawamata pabolodi la mukhonde, ndipo ana anali atadzazapo, ena akukuwa, ena akulira. Ndinawaimika pambali n'kudzipanikiza ndi zigongono mpaka kutsogolo. Chala changa chinatsika pamndandanda, kutsika, kutsika, osawapeza. Ndinayambiranso. Kenako ndinazindikira chimene ndinkachita: ndinkawafuna pa chilembo cha S. Ine, wobadwa nawo mimba imodzi! Manyazi anandigwira. Ndinakweza chala pamwamba, pa chilembo cha dzina la bambo athu, ndipo anali pomwepo.

Ndinawakoka pakati pa anawo n'kuika chala chawo pamzerepo.

"Achimwene, mwakhoza! Mwakhoza bwinonso!"

Sanasunthe. Chala chinali pomwepo.

"Werenga mmene alemberamo."

Ndinawerenga mzere wonse: nambala yawo, dzina lawo loyamba, lachiwiri limene anawapatsa agogo, la bambo, kenako Histole ndi giredi yake. Mayinawo anandilemera pakamwa, lilime linachita chilendo, chifukwa ndinali ndisanawatchule chichokere ku Fomu 3.

"Bwereza," anatero.

"Girediyo?"

"Ayi. Dzinalo."

Ndinalibwereza mokweza, misozi ikutsikira m'kamwa, ana asukulu akutiyang'ana. Achimwene anachotsa chala papepala, anakonza kolala ya jekete, n'kuyankha kuti, "Ndilipo."