Mafuwa Oyera pa Maliro a Lameki

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma, pakuti tulo tinandigwira ndili chikhalire pa benchi m'tenti ya amuna. Nyimbo za usiku zinali zitatha. M'nyumba munkangomveka mayi mmodzi wokalamba akuyamba nyimbo yekha, wopanda womulandira. Kunja kunali chifundi, mphepo kulibe, nyenyezi kulibe. Inali nyengo ija mvula yoyamba imakhala ikulendewera osagwa. Ndinagwira thumba la jekete kuti ndimve ngati mapepala a maliro analimo, kalata ya kuchipatala ndi chilolezo cha manda. Analimo. Kenaka ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukafuna madzi osukusula.

Womwalirayo anali mng'ono wanga Lameki, wosema miyala wa ku Kanyama. Bambo athu anachokera ku Ntcheu, n'kuwoloka malire kudzagwira ntchito ya njanji mumzinda uno. Ine ndinakhala kalaliki mpaka kupuma, iye anatengedwa ndi mwala. Luso analiphunzira kwa mzungu wa ku Croatia, masiku amene dzikolo tinkalitchula kuti Yugoslavia. Mzunguyo anabwera ndi omanga nyumba za boma, ndipo Lameki anayamba n'kumunolera matchizulo osemera miyala, mpaka tsiku lina anam'patsa nyundo n'kumulozera mwala. Mzunguyo atabwerera kwawo anapitiriza kusema zoimika m'mabwalo a mizinda ya m'mbali mwa nyanja, akasupe a madzi ndi zifanizo za asodzi, ndipo ankatumiza zithunzi zake mpaka nkhondo ya kwawo inadula makalata. Zithunzizo ndili nazo.

Ntchito yaikulu ya Lameki inali chiboliboli cha mayi wosenza dengu la chimanga, chotalika kuposa khomo la nyumba. Chinaima zaka zambiri pachipata cha kampani ya boma yogaya chimanga. Anachisema m'zidutswa zolumikiza ndi zitsulo mkati, monga anaphunzitsidwira, kuti chinyamulike popanda makina. Boma litasintha, kampaniyo inagulitsidwa. Eni atsopano analembera Lameki kuti abwere kudzachotsa miyala yake, apo ayi ikatayidwa kudzala. Kalatayo ndili nayo, ndipo mawu akuti chiboliboli mulibemo. Lameki anakachimasula yekha, n'kuunjika zidutswazo kuseri kwa nyumba yake. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Chawama anali atavomera kupereka malo oti chiimenso. Chifuwa chitagoneka Lameki m'chipatala, chimene anandipempha chinali chimodzi: zidutswazo zisabalalike mpaka mayiyo ataimanso. Ndinalonjeza.

Kuseriko ndinapeza amayi a ku tchalitchi atakoleza kale moto. Pamoto waukulu panali mgolo wodula pakati, wodzaza nyemba. Ndinaona kuti mafuwa ake anali oyera. Ndinagwada kuti ndionetsetse, ndipo kuwala kwa moto kunandionetsa khutu, ndi mfundo ya duku pamwamba pake. Anali atatenga mutu wa chiboliboli n'kuuzondotsa, nkhope m'dothi, khosi kumwamba, popeza pakhosi ndi pamene panali posalala. Mafuwa enawo anali phewa ndi chidutswa cha dengu.

Ndinafunsa amene ankatsogolera zophika, mayi wamkulu thupi wa mawu olimba, kuti miyalayo anaitenga kuti.

"Apo pa mulu, bamdala. Mabuloko yamapwanyika na moto. Nanga tiphikile pa mutu panu?"

Anzake anaseka. Ndinawauza kuti ndi ntchito ya malemu, ndipo mgolowo uchoke pomwepo.

"Nyemba zikali mwala. Bantu bakabwela ku manda muzabapasa chani? Bazadya chibolibolicho? Yendani ku bamuna banzanu."

Ndikulemba izi kuti owerenga amvetse chifukwa chake mtima wanga sunakhale pamodzi tsiku lonse. Lameki ankanena kuti mwala woyera wa kuno suopa nyundo, umaopa moto ndi madzi zikatsatana. Ukatentha n'kuusiya uzizire wokha m'phulusa, umangoda ndi mwaye, ndipo mwaye umapalika. Koma madzi ozizira akaugwera uli wotentha, umang'aluka mpaka mkati. Ndinayang'ana kumwamba. Kum'mawa kunkayera, koma cha kumpoto kunali kutada.

Ndinaitana amuna awiri kuti tiphule mgolowo. Ataona kuti madzi akuwira mpaka m'milomo ndipo amayi aima mozungulira ndi mithiko, anabwerera m'tenti. Mmodzi anandinong'oneza kuti pa maliro sayambana ndi ophika. Mwambowo ndimaudziwa kuposa iye. Ndinapita pakhomo la nyumba kuti mwina ndionane ndi mlamu wanga, mkazi wa malemu. Anali pansi pakona, atafunda chitenje kumutu, azibale ake atam'zinga. Wamasiye saitanidwa panja mtembo usanaikidwe, ndipo mkangano sulowa m'nyumba ya maliro. Ndinaima pamenepo kanthawi. Sanadzutse mutu.

Chimene ndinatha kuchita n'chochepa. Ndinazula lata lomwe linali chitseko cha kachisakasa kamene Lameki ankasemeramo, n'kuliyedzamiritsa pamwamba pa motowo. Amayi anati utsi ukuwabwerera m'maso, ndipo analichotsa. Tinapangana kuti nyemba zikapsa aphule, asathire madzi pa makala monga amachitira pofuna kusunga nkhuni, akwirire miyalayo ndi phulusa, avindikire ndi latalo. Ndinabwereza mawuwo pang'onopang'ono. Mtsogoleri uja anati, "Tamvela, bakalaliki," maso ali pa mgolo.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Ena anayenda pansi kuchokera ku komboni ya Ng'ombe, nsapato zitafiira ndi fumbi. Kunabwera amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, amene Lameki ankawasulira nyundo zikabuntha. Kunabwera amuna okalamba omwe anachotsedwa ntchito pa kampani yogaya ija, atavala majekete a salaula, ogula pa kaunjika, akupatsana moni motsitsa mawu. Achinyamata a mpingo wa mwana wa malemu anafika ndi gitala, ndipo anayamba nyimbo zawo amayi a m'nyumba asanamalize yawo. Palibe amene anawaletsa. Ntchentche zinachuluka. Thukuta linkatsika ngakhale kwa okhala pamthunzi, ndipo aliyense wofika ankati lero igwa.

Ndinaganiza zotsala. Ndikanakhala pafupi ndi motowo, ndikanaona ndi maso anga kuti pangano lasungidwa. Koma ine ndinali mwini maliro. Mapepala anali m'dzina langa, ndipo ku mochale sapereka mtembo kwa munthu wina. Mbiri ya malemu inalinso yanga kuwerenga. Ndinazungulira kuseri komaliza. Moto unali utawonjezeredwa nkhuni, khutu lija litada bii. Ndinakwera lole.

Ku mochale tinapeza mzere wa mabanja, monga zinalili zaka zimenezo. Wolemba anatembenuza kalata yanga uku ndi uku kufuna cholakwa, koma sanachipeze. Tinasambitsa mng'ono wanga ndi kumuveka suti. Manja ake anali akadali okhakhala ngati chipande. Ku tchalitchi abusa analalikira motalika, ndipo ine ndinakhala pafupi ndi zenera. Mtambo unali utakwera mpaka pakati pa thambo. Kunagunda kamodzi, patali.

Ulendo wa ku manda a Chingwere unadzera kumafakitale. Galimoto ya bokosi inali patsogolo, malole pambuyo, amayi akuimba ataimirira, atagwirana m'mapewa. Maminibasi ankatidula kutsogolo, makondakitala akukuwa, osalabadira kuti ndi maliro. Tinadutsa pachipata cha kampani ija. Nsanja ya simenti pamene chiboliboli chinkaima inalipobe, koma anaipaka utoto wotsatsa mowa, ndipo mlonda anakhalapo akudya chinangwa. Okalamba aja anavula zipewa. Dalaivala wathu anachepetsa liwiro osauzidwa. Ine ndinkafuna kuti athamange.

Kumanda kunali maliro ambiri nthawi imodzi, moti nyimbo zinkasakanikirana ndipo ena a ife anatsata bokosi la eni ake mpaka atabwezedwa. Dzenje lathu linali kumapeto, kumene dothi linali lofiira ndi louma. Mphepo inayamba bokosi likutsitsidwa. Inanyamula fumbi la manda atsopano n'kutimwaza m'maso, ndipo fungo la mvula linafika.

Abusa anandipatsa mpata, n'kundiuza chapansipansi kuti ndifupikitse. Ndinalingalira. Ngakhale tikananyamuka nthawi yomweyo, Kanyama inali kutali, mvula ikanatitsogolera. Ndipo munthu amene ntchito yake inatchedwa miyala m'kalata sindikanam'fupikitsira mbiri pamanda pake. Ndinawerenga yonse. Ndinatchula mzungu amene anam'phunzitsa ndi zimene mzunguyo anasema kwawo. Ndinatchula beseni lobatizira limene Lameki anasemera tchalitchi cha ku Matero, kasupe wa pabwalo la sukulu ya atsikana amene anauma mipope itabedwa, mkango wa pachipata cha kalabu ya ogwira ntchito, ndi mayi wa chimanga. Ndinanena poyera kuti amene anagula kampani anagula makoma ndi makina, koma sanadziwe chimene chinaima pakhomo pawo. Madontho oyamba anagwera papepala ndisanamalize. Anali akuluakulu, ozizira.

Pofika pa nkhata za maluwa mvula inali itatsakamuka. Anthu anathawira pansi pa malole. Mlamu wanga anaika nkhata yake atagwiriziridwa mbali zonse, chitenje chitamatirira kumsana. Ofotsera anagwira ntchito m'matope. Ine ndinaima pamtunda ndi chipewa m'manja, ndipo ndinene zoona, maso anali pa manda koma maganizo anali pa lata lija.

Pobwerera, Kanyama inali itasanduka dambo. Madzi a kumeneko alibe kolowera chifukwa pansi ndi thanthwe. Lole inatitsitsa pamsewu waukulu, ndipo tinayenda pansi, mathalauza titapinda, tikuponda pa miyala yoonekera. Pachipata cha nyumba ya maliro tinasamba m'manja m'beseni monga mwa mwambo. Sindinadikire kupukuta.

Nyemba zinali zitaphulidwa n'kulowetsedwa pakhonde. Lata linali chiimire pakhoma pamene analisiya m'mawa. Mafuwa atatu aja anali m'chithaphwi cha madzi akuda, makala akuyandama. Mtsogoleri wa zophika anandiona ndipo anati mvula inawadzidzimutsa, anayamba apulumutsa chakudya. Ndinachokapo. Anthu anali pamzere ndi mbale, ana akulira, okalamba akunjenjemera ndi kuzizira. Ndinakhala pa benchi mpaka onse atadya, tenti itagwetsedwa, a kutali atanyamuka kuti mdima usawapeze.

Madzulo mvula inakata. Ndinapita kuseri ndekha, n'kugwada m'matope. Phewa ndi dengu zinali ndi ming'alu, koma zinagwirana. Mutu ndinaugwira ndi manja awiri kuti ndiutembenuze. Unatseguka pakati, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ndipo cha kukhosi unkayoyoka ngati mchere.

Ndinamva munthu kumbuyo kwanga. Anali mlamu wanga, atatuluka koyamba yekha, mbale yovindikira ili m'manja. Ndinamuuza kuti mawa ndikaonana ndi abusa, ndipo amayi aja adzayankha pamaso pa akulu a mpingo, mmodzi ndi mmodzi.

"Musabavute, alamu," anatero. "Banabwela kunifunsa mafuwa dzulo. Ndine ninabalangiza."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa chimene m'bale wanga anandipempha m'chipatala.

"Nenzelipo. Nenze kumupukuta magazi pakamwa pamene anali kukamba na imwe." Anakhala pa buloko, n'kuyang'ana mutu uja. "Fumbi ya mukazi uyu ndiye inadya chifuwa chake. Zaka zonse wakhala kuseli kuno, bamufundika pulasitiki, ise nyumba ilikudontha. Sanaphikepo kanthu pakhomo pano. Lelo waphika."

Sanalire ponena zimenezi, ndipo sanakweze mawu. Ndinafuna kumuuza za sukulu ya ku Chawama, za malo amene analonjezedwa, za anthu amene anavula zipewa pachipata paja. Koma ine chibolibolicho ndinkachiona pochoka ku ntchito, chili choyera padzuwa. Iye ankagona pafupi ndi chifuwa chimene chinachisema.

M'nyumba munali zii. Azibale ochepa otsala anali atagona pamphasa ndi zovala zonyowa, ndipo madzi ankadontha kuchokera kudenga kugwera m'sefuliya. Kutali achule anayamba kulira m'zithaphwi.

"Simunadye," anatero mlamu wanga. Anavundukula mbale ija, imene anam'sungira iyeyo ndipo sanaikhudze, n'kuiika pa bondo langa.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinasamba m'manja m'madzi odontha pa lata la denga, ndipo ndinadya. Nyembazo zinali zitapsa bwino.