Katswiri Amene Ankapalira M'munda mwa a Marcelino

Rosalina wa kumudzi wina kufupi ndi Furancungo sankakhulupirira munthu wopereka moni ndi manja awiri. Khalidweli sanabadwe nalo ayi, analitola pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anali namwali wongotha msinkhu kumene pamene banja lawo linafika pamudzi mitolo ili kumutu, n'kupeza dimba la atate ake lili m'manja mwa msuweni wina amene sanathawe nawo. Msuweniyo anawalandira chogwada, misozi ili chuchuchu. "Mwabwera abale anga, Mulungu ngwamkulu!" Anawaphera nkhuku. Koma dimbalo silinabwerere, ndipo atate a Rosalina anamwalira akuonerera kabichi wa eni ake akukula pa nthaka yawo. Chiyambire pamenepo, munthu akafatsa mopitirira, Rosalina ankamuyang'ana m'manja osati kumaso.

Anakwatiwa ndi a Marcelino, mlimi wa chimanga ndi fodya, munthu wa mawu ochepa amene anali ndi nthenda imodzi yokha: mpira. Bondo litawakaniza kuthamanga ngati kale, anagula apito, wenzulo ya oweruza mpira, n'kuyamba kuweruza masewera a m'midzi. Ntchito yake ndi yosayamikika. Rosalina ankaotcha chimanga cha kudimba ndi kugulitsa zitumbuwa m'mbali mwa kampu, bwalo la mpira, diso lina pambaula, lina pa mwamuna wake. Anali atawaonapo akugendedwa ndi zitsononkho. Anali atawasokerapo malaya ong'ambidwa ndi ochemerera okwiya.

Chaka china, mvula itangogwira bwino, pamudzi panafika Valentim. Ameneyu anali mwana wa pomwepo, koma mpira unamutengera ku Tete, kenako ku Beira, kumene ankasewera mu ekipa, kapena kuti timu, yaikulu yomveka pawailesi. Anyamata ankasunga zithunzi zake m'mafoni. Anthu ankayembekeza galimoto yonyezimira ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu, koma iye anatsika mu shapa, kaminibasi ka aliyense, ngati munthu wamba, kachikwama kali kumsana, matope ali m'miyendo. Atakumana ndi a Marcelino pamsika anavula chipewa, n'kupinda maondo, n'kugwira dzanja lawo ndi manja awiri.

Rosalina anaona zimenezo ali chapatali.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero madzulo ake akusenda nyemba.

"Mwana wa eni ake walakwanji?" anafunsa a Marcelino.

"Sanalakwe. Ndicho chikundidetsa nkhawa."

Nthawi imeneyo midzi inali pa mpikisano wa Natale, wa nyengo ya Khirisimasi, wopambana atenga mbuzi. Ekipa ya pamudzipo inali itafika kumapeto, ndipo inali yoti ikumane ndi anyamata a ku Chidzolomondo, amene ankadziwika ndi miyendo yolimba ngati mipini. Anzake anamuchonderera Valentim kuti awasewerere, iye n'kuvomera. Woweruza wa tsikulo anali atasankhidwa kale ndi mbali zonse ziwiri: a Marcelino.

Apa m'pamene zinthu zinayamba kumununkhira Rosalina. Kukampu, katswiri uja ndi amene ankasenza chigubu cha madzi, ankatola mipira ikagwera kutchire, ndipo mphunzitsi wa ekipa, munthu wosoka nsapato pamsika amene sanaponde n'komwe ku Beira, akamukalipira kuti wachedwa kupatsira mnzake, iye ankangoti, "Ndamva, akulu." Zonsezo Rosalina akanazilola. Koma tsiku lina akupita kumunda ndi phala la amuna ake, anapeza makasu awiri akugwa m'mizere ya chimanga. Lachiwirilo linali la Valentim, malaya atavula, thukuta lili kamukamu.

Anabweranso mawa lake. Anabweranso mkuja.

"Abambo a Paulina," anatero Rosalina ali awiri pakhonde, "munthu amene mwendo wake umalengezedwa pawailesi, khasu akulifuniranji? Minda yatha pamudzi pano kuti asankhe wanuwu?"

"Akuti akuona bondo langali likundivuta."

"Bondo lanu lavuta zaka zingati? Analiona liti? Bwanji waliona sabata yomwe apito ili m'thumba mwanu? Akukugulani, bambo, ndipo akukugulani motchipa, ndi udzu."

A Marcelino anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Ndiponso Rosalina sanali yekha woganiza choncho. Kuchigayo amayi anayamba kunong'onezana iye akamafika. Mnyamata wina wa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, wochokera ku Chidzolomondo anaima pambaula pake, nagula chimanga, n'kunena akutafuna, "Amayi, timva kuti kwanu kwapezeka waganyu wodula. Mutiuzire abambo kuti maso athu ali tcheru." Rosalina anawafikitsira mawuwo amuna ake osachotsapo kanthu, mwinanso anathirako kamchere. Usiku wake a Marcelino sanadye bwino, ndipo m'mawa anauza Valentim kuti asadzabwerenso kumunda. Mnyamatayo anangoti, "Chabwino, abambo," n'kunyamula khasu lake. Kwa Rosalina kuvomera msanga kumeneko kunali umboni wina.

Tsiku la masewera anthu anadzaza kampu mbali zonse, ena m'mitengo, ena pamwamba pa mota zawo. Mbuzi inamangidwa pa mtengo wa mango. Valentim anasewera ngati akuvina: mpira unkamumvera, koma sankausunga, ankaupereka kwa anzake amene kawirikawiri ankauononga. Chigawo choyamba chinatha mbali iliyonse itagoletsa kamodzi.

Chigawo chachiwiri chili pakati, mpira unakwera m'mwamba chakufupi ndi pamene panali mbaula ya Rosalina. Valentim analumpha, maso ali kumpira. Wotchinga kumbuyo wa ku Chidzolomondo anabwera chothamanga kuchokera kumbali, mutu uli pansi ngati nkhosa yogunda, nadziombetsa mphuno pachigongono cha Valentim. Anagwa, magazi ali chuu. Rosalina anaona zonse bwinobwino. Panalibe dala.

A ku Chidzolomondo anakuwa, "Tione lero ngati udzu unagwira ntchito!"

A Marcelino anafika akutsimphina. Anayang'ana wovulalayo, anayang'ana anthu okuwawo, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kumbaula, maso awo n'kukumana ndi a mkazi wawo. Dzanja linalowa m'thumba. Inatuluka kartau yofiira, khadi yotulutsira wosewera m'bwalo, naitukulira Valentim.

Kampu inaphulika. Anthu a pamudzipo anadumpha mzere, ena atatola kale miyala, wina atazula mtengo wa mbendera ya pakona. Rosalina anaponya mbaniro pansi nayamba kuthamangira amuna ake, mumtima akuti: eya, tsopano tiona mkuyu ukutumbuka.

Ndipo anaonadi nkhope ya Valentim ikusintha. Anali atakunga zibakera, mitsempha ya pakhosi itatupa. Anayenda molunjika kwa a Marcelino. Atafika pafupi anaima, napumira m'mwamba, n'kuika manja kumbuyo. Anaweramitsa mutu pang'ono. Kenako anatembenuka, msana wake n'kutchinga woweruzayo, nkhope kuloza khamu lija.

"Apito yalira, yalira!" anakuwa. "Amene akufuna kugenda ayambe ine. Inu amalume, ikani mtengowo pansi. Wotulutsidwa ndine, inu chikukupwetekani n'chiyani?"

"Akubera, Valentim!"

"Ngati andibera, andibera ine. Bwererani kunja kwa mzere, anzathuwa asewere."

Anthu anazengereza, akung'ung'udza, koma ndani akanaponya mwala mwana wawo wapamtima ali patsogolo? Mmodzimmodzi anabwerera. Valentim anathandiza kudzutsa wovulala uja, namupatsa madzi, kenako anatuluka n'kukakhala pansi pa udzu. Ekipa yake yoperewera munthu inalimba kwa kanthawi, kenako inagonja. Mbuzi inakwera mota kupita ku Chidzolomondo ikulira.

Kunyumba kunalibe macheza. A Marcelino anapachika apito pamsomali nati, "Aona onse tsopano kuti sindinagulidwe. Nawenso waona." Rosalina anatuluka kukasonkha moto.

Koma mtima wake sunagone. Munthu angameze mkwiyo wotere popanda chimene akufuna? Kapena akufuna kudzaima pa chisankho? Kapena diso lili pa Paulina, mwana wawo wamkazi? Patapita masiku anamupeza Valentim pamjigo akutsuka nsapato zake zampira, ndipo sanazungulire.

"Iwe mwana, undiuze zoona. Kwenikweni ukufuna chiyani kwa ife?"

Valentim anaimirira. "Palibe, amayi."

"Usandinamize. Ndinakuona nkhope tsiku lija. Unafuna kuwamenya."

"Ndinafunadi," anatero. "Mpaka lero zikundiwawa. Kartau ija sinali yoona, ndipo abambo akudziwa."

Rosalina anadzidzimuka. Ankayembekeza mawu otsekemera.

"Nanga unadziletseranji?"

"Amayi, kumene ndimasewera kuja oweruza amalakwitsa sabata ndi sabata. Ndaona anyamata ondiposa kutali, a miyendo yoti ine sindingafikeko, amene anayamba kudziona kuti aposa apito, aposa mphunzitsi, aposa anzawo. Anzawo anasiya kuwapatsira mpira. Lero ena akungokhala pamsika kufotokoza za kale. Ine mpira ndi munda wanga, ndikufuna ndilimemo nthawi yaitali. Komanso tiana tonse tija tinali m'mitengo tinkayang'ana ine. Ndikanakweza dzanja, Loweruka lotsatira woweruza wina akanagona kuchipatala."

"Nanga khasu lija?"

Anaseka pang'ono. "Munda wa malemu amayi unapita kwa ena. Kungokhala pansi mwezi wathunthu ndinganenepe, a ku Beira akandibweza. Ndinaona abambo akupalira chotsimphina, ndinati thukuta langali ligwere pamenepo."

Yankholo linali losalala, ndipo zosalala Rosalina sankazikonda. Komabe munthu wofuna kukubera sakuuza kuti wakukwiyira. Anasenza ndowa yake osanena kuti wakhulupirira kapena ayi.

Chaka chitatembenuka Valentim anakwera shapa kubwerera ku Beira. Sanapemphe kanthu kwa aliyense, Paulina sanamulankhule n'komwe kuposa moni. Pamudzipo anthu anawasala a Marcelino kwa miyezi, masewera awo n'kumaweruzitsa mphunzitsi wa pasukulu. Koma mbiri inamveka kutali kuti kuli woweruza amene anatulutsa katswiri wa kwawo komwe, ndipo a ku Chidzolomondo ndi midzi ina anayamba kutumiza mota kudzawatenga. Rosalina ankakwera nawo, dengu la zitumbuwa lili pamiyendo.

Tsiku lina mota inawafera panjira pobwerera, awiriwo n'kuyamba kuyenda pansi pakati pa minda ya fodya, a Marcelino patsogolo. Atayenda mtunda, Rosalina anati, "Abambo a Paulina, mwana uja sanamugunde dala mnzake. Ndinali pafupi, ndinaona."

A Marcelino sanacheuke.

"Nanenso ndinaona," anatero, n'kupitiriza kuyenda.