Nthungululu ya Anganga Abiti Mussa

Fungo la kampango wowamba likangondipeza, ngakhale mu minibasi, ndimabwerera ku Lungwena, kuseri kwa nyumba ya agogo anga aakazi, amene tonse tinkawatchula kuti Anganga. Utsi unkatuluka mu uvuni wawo wowambira nsomba n'kulowa m'mipango, m'mphasa, ngakhale m'makope anga a kusukulu, iwo ali chilili pakati pake, maso ali psuu, akutembenuza nsomba ndi manja osaopa moto kwinaku akukalipira amphaka.

Koma chimene Anganga Abiti Mussa ankatchuka nacho sichinali nsomba ayi. Inali nthungululu. Akalulutira pa ukwati, asodzi ankamva ali m'mabwato.

Utsi uja ndi umene unadzawadya m'chifuwa. Anayamba kupuma molira, makhololo osatuluka, kuchoka pakhonde kufika pachitsime ankapumula kawiri. Kuchipatala cha ku boma anawalembera kuti azipuma nkhungu ya madzi a mchere, ndipo amalume anabweretsa kamakina kolira ngati njuchi, kokhala ndi kapaipi ndi kachigoba kovala pamphuno ndi pakamwa. Tinkakalumikiza ku batire la sola.

Tsiku loyamba anangopuma pang'ono, kenaka chifuwa chinawagwira mpaka misozi mbwee. Anavula kachigoba kaja n'kukaponya pamphasa.

"Astaghafirullah! Moyo wanga wonse ndathira nsomba mchere n'kuziika pa utsi. Lero mwati muwambe ineyo? Mukandigulitsa ku msika uti?"

Tinaseka mpaka kugwira nthiti, koma iwo sankaseka. Amalume anawafotokozera zimene ananena anamwino, kuti kutsokomolako ndiye ntchito yake, mchere ukufewetsa makhololo, azingoyamba apopera kaye mankhwala otsegula chifuwa. Anganga anangoti, "Anamwinowo apume okha." Kachigoba kanayamba kusowa. Tsiku lina tinakapeza mu dengu la utaka, lina mu mtsuko.

Chaka chimenecho ine ndinkayenera kupita ku nsondo, chinamwali chathu cha atsikana, ndipo mtsikana akamatuluka, agogo ake ndiwo amayamba kululutira. Mtima unkandipweteka, chifukwa ndinkafuna mawu awo, osati a wina aliyense. Ndiye madzulo ena a Abiti Juma, oyandikana nawo nyumba amene ankapikisana nawo pa chilichonse kuyambira utsikana, anasuzumira pampanda.

"Achemwali, musadandaule za mdzukulu wanuyu. Ndidzamululutira ndine, poti inu mpweya unatha."

Eee! Anganga anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Abiti Juma atangotembenuka, anandikodola.

"Iwe Asiyatu, katenge chinthu chija. Chili mu nkhokwe."

Kuyambira pamenepo ankakhala tsonga pamkeka, msana atatsamira khoma, n'kumakoka nkhunguyo pang'onopang'ono. "Nsomba yothamangitsa pamoto imapsa kunja, m'kati muli muwisi," ankatero, ngati kuti nzeruyo anaiyambitsa ndi iwo, osati anamwino. Pakhosi pakayabwa ankakweza chala, ine n'kuzimitsa makina, iwo n'kutsokomola, kulavulira m'kachitini, kuchukucha m'kamwa, kenaka n'kuloza kuti yatsanso. Ankadana nawo makinawo mpaka mapeto, ndisaname. Ankatukwana m'Chiyao m'kati mwa kachigobamo, mawu akumveka ngati a munthu ali mu mgolo. Ndikawatsukira kachigoba ankati ndatsuka mbale ya mdani wawo.

Tsiku lotuluka ku nsondo tinabwera pamzere, titadzola mafuta, mikanda ili m'khosi, nkhope titazolika monga mwa mwambo. Sindinkaloledwa kudzutsa mutu. Ndinkangomva ng'oma ndi mapazi, kudikira kuti liyambe ndi liwu la ndani.

Ndiye nthungululu inamveka. Sinafike kunyanja ngati kale, inali yaifupi, ndipo inathera m'chifuwa chotsokomola. Koma inali ya Anganga. Ndinaiwala mwambo wonse, ndinadzutsa mutu. Anali ataima, dzanja lili pakamwa, ndipo amene anawagwirira m'chiuno kuti asagwe anali a Abiti Juma, akuseka misozi ili m'masaya.

Patapita zaka, Anganga atatisiya, a Abiti Juma anandiuza kuti tsiku lija pampanda anachitira dala. "Mankhwala a munthu uja anali mkwiyo basi," anatero.

Lero pa maukwati a kwathu amati ine ndiye ndiyambe kululutira. Ndisanakweze dzanja ndimakoka mpweya pang'onopang'ono mpaka chifuwa chidzaze, ndipo nthawi zonse pakhosi pamandimvekera kamchere.