Galimoto yanga ya nsomba inasanduka yonyamula maliro

Inu owerenga, ine banja ndinalitaya chifukwa cha pakamwa panga komanso kukonda chitsulo. Ndikufuna mumve mmene zinayendera, mwina wina angapulumuke.

Ndinayendetsa galimoto za mzungu wina wa sitolo ku Tete kwa zaka zambiri. Nkhondo itafika kwathu ku Maravia, mzunguyo anachita mantha n'kuyamba kugulitsa katundu wake. Ndinagulitsa ng'ombe zanga zonse n'kugula kamyau yake yakale, galimoto ya katundu yokhala ndi bokosi lozizira kumbuyo. Cholinga chinali chomatenga nsomba ndi nyama ku Tete n'kukagulitsa ku Fingoe ndi ku Malowera, kumene kunali mkazi wanga ndi ana athu awiri. Ndinkayenda mapewa m'mwamba, poti munthu wakuda wokhala ndi galimoto yakeyake nthawi imeneyo anali wosowa.

Koma msewu unali wa mabomba okwirira. Palibe ankaloledwa kuyenda yekha. Tonse tinkadikira koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali a Chipwitikizi, ndipo wosadziwika ngati ine ankatha sabata ziwiri osapatsidwa malo. Apa mpamene ndinalakwa. Pofuna kudziwika, ndinaitana kapitau wa asilikaliwo, ndinamutsegulira bokosi, ndinamupatsa mowa wozizira, n'kumadzitama kuti mmenemo nyama imakhala masiku anayi osanunkha. Anagwedeza mutu, ndipo malo ndinapatsidwa tsiku lomwelo.

Ulendo wachitatu bomba linaphulika kutsogolo kwathu, asilikali awiri n'kufera pomwepo. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa. Kapitau uja sanalankhule zambiri, anangoloza galimoto yanga. Nsomba zinatayidwa m'mbali mwa msewu, mitembo n'kulowa m'bokosi.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhala mwini wake. Chiphaso changa choyendera anachisunga iwo, galimoto inkagona kumpanda wa asilikali ku Fingoe, ndipo akafa wina ankangonditumizira uthenga. Nsomba ndani akanagulanso? Nawonso ankhondo a m'tchire anayamba kundiwerengera kuti ndine wa boma.

Chowawa kwambiri chinali kunyumba. Kwathu munthu amene wanyamula maliro salowa m'nyumba chisawawa. Amasamba mankhwala n'kumagona padera mpaka tsiku lometa, kuopa kudwalitsa ana. Tsono maliro anga analibe kumeta, anali a anthu achilendo okaikidwa kutali. Ndikasamba lero, sabata yamawa ndanyamula wina. Mkazi wanga ankandiikira chakudya pakhonde, ana akundiyang'ana chapatali. Sanandinyozepo mayi uja, koma mtima unkandiwawa kuona mwana wanga wamkazi akufuna kundithamangira, amake n'kumugwira dzanja.

Tsiku lina masana alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza kuti boma likufuna kusamutsira mudzi wonse kumpanda wa waya.

“Alamu, Loweruka tikuthawira ku Zambia, mbumba yonse,” anatero. “Chisiyeni chigalimotocho. Akakusambitseni komweko kamodzi, mukhalenso munthu pakati pa ana anu.”

Ine ndinawapempha kuti andidikire sabata imodzi yokha, ndipeze nzeru yoitulutsira kwa asilikali. Ng'ombe zanga zonse zinali mmenemo, ndikanaisiya bwanji? Alamu anangoyang'ana pansi, nati ana sangadikire chitsulo.

Ndinabwerera ku Fingoe. Lachisanu ananditumiza ku Tete ndi mtembo wina, ndipo koluna yobwerera inachedwa sabata zitatu. Pofika ku Malowera ndinapeza mudzi uli zii, chitseko cha nyumba yathu chomangidwa ndi luzi. Ndinakhala pakhonde paja n'kulira mokweza ngati mwana. Galimotoyo sindinaitulutsenso. Inafera kumpanda konkuja, asilikali n'kuchotsamo injini.

Nkhondo itatha ndinawoloka malire kukawafunafuna, ndipo ndinawapeza. Mkazi wanga anamva kuti ndinafa ndi bomba, anandilira, kenako anakwatiwa ndi mwamuna wina. Sindimuimba mlandu. Mwana wanga wamkazi, atakula kale, anabwera n'kugwada patsogolo panga mwaulemu wonse, nafunsa amake kuti alendowa achokera kuti.

Inu amene mukuyamba ntchito yanuyanu, musamaonetse chuma chanu kwa munthu wamfuti pofuna kukonderedwa. Ndipo abale akadzakuuzani kuti nyamukani tizipita, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale chimanjamanja. Ine ndinapempha sabata imodzi yokha, ndipo mpaka lero ana anga amatchula munthu wina kuti atate.